Malo Amene Kanema Wasiya: Kodi Wailesi za FM Zingasamukiremo?

Munthu akakhala mumzinda waukulu ngati São Paulo, New York kapena Mexico City n'kuyamba kutchera wailesi pang'onopang'ono kuchokera pa 88 mpaka pa 108, sapeza pamene pali zii. Apa nyimbo, kusuntha pang'ono ulaliki, kusunthanso mpira, kenako munthu wotsatsa malonda. Kwa womvera zimenezi n'zosangalatsa. Koma kwa munthu amene akufuna kutsegula siteshoni yatsopano, kapena mwini siteshoni yakale ya AM amene omvera akumuthawa, ndi khomo lotsekedwa. Ndalama angakhale nazo, zipangizo angagule, koma bungwe loyang'anira zoulutsa mawu limuyankha kuti malo adatha kalekale.

Malo ake ati, poti mlengalenga ndi waukulu chonchi?

Siteshoni iliyonse imaulutsa pa mafunde akeake, ndipo mafundewo amasiyana ndi kuchuluka kwa nthawi zimene amagwedezeka pa sekondi imodzi. Nambala imene timaona pa wailesi, monga 95.1, ikutanthauza kugwedezeka ka 95.1 miliyoni pa sekondi, ndipo mwachidule amalemba 95.1 MHz. Mayiko anagwirizana kugawa mafundewa ngati mmene amadulira mapuloti: apa a ndege, apa a asilikali, apa a mafoni, apa a kanema. Puloti imene wailesi za FM zinapatsidwa m'mayiko ambiri imayambira pa 87.5 kapena 88 n'kuthera pa 108 MHz. Ndi malo a 20 MHz okha basi. Siteshoni imodzi imafuna pafupifupi 200 kHz (1 MHz ndi 1,000 kHz), kutanthauza kuti papepala pangakwane masiteshoni 100.

Papepala ndi papepala. Masiteshoni awiri amphamvu sangakhale moyandikana khoma ndi khoma mumzinda umodzi, chifukwa mawu a ina amasefukira mwa inzake, makamaka pa tiwailesi totchipa. FM ilinso ndi khalidwe lake: mafunde awiri akakumana pamalo amodzi, wailesi imagwira amphamvuwo n'kumezeratu ofookawo, moti siteshoni yaing'ono imangosowa ngati kulibe. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri mayiko monga United States ndi Mexico ankasiya mpata wa 800 kHz pakati pa masiteshoni a mumzinda umodzi. Mukagawa 20 MHz ndi mpata umenewu, mupeza masiteshoni 25 okha. Komanso malo ena muyenera kusiyira mizinda yoyandikana nayo, poti mafunde sadziwa malire a mzinda. Mu 2016 bungwe la IFT, limene linkayang'anira zoulutsa mawu ku Mexico, linachepetsa mpatawu kufika pa 400 kHz, poona kuti wailesi za masiku ano zimasefa bwino kusiyana ndi zakale. Zinathandiza ndithu, koma kumeneko n'kungothinitsa anthu m'chipinda chomwecho.

Chipindacho sichingakulitsidwe chakumtunda. Kungodutsa pa 108 MHz mwalowa m'malo a ndege, mmene muli zipangizo zolondolera woyendetsa ndege potera kukakhala chifunga kapena mdima. Palibe boma limene lingayerekeze kuika nyimbo pamenepo. Ndiye maso onse amatembenukira chakumunsi, kuseri kwa 88.

Mnansi wa kumunsi

Kumayiko a ku America, kumpoto ndi kumwera komwe, mnansi wa kumunsiyu ndi kanema. Tchanelo 6 chimayambira pa 82 kufika pa 88 MHz, ndipo tchanelo 5 chili pa 76 mpaka 82. Tchanelo chimodzi cha kanema chimadya 6 MHz, malo okwanira masiteshoni a FM 30. Ziwirizo pamodzi ndi 12 MHz, malo 60 atsopano owonjezera pa 100 akale aja. Ndipo ubwino wake ndi woti malowa ndi olumikizana ndi a FM, palibe chodukiza pakati.

Anthu adadziwa kale za unansi umenewu, ngakhale ambiri sankadziwa chifukwa chake. Pa kanema wakale wa analogi, chithunzi chinkayenda pachokha ndipo mawu ankayendanso paokha, ndipo mawuwo ankatumizidwa mwa njira ya FM. Mawu a tchanelo 6 ankakhala pa 87.75 MHz, pakhomo penipeni pa FM. Ndiye mumzinda ngati Philadelphia, mmene siteshoni ya WPVI inkaulutsa pa tchanelo 6, dalaivala ankatha kukankhira wailesi ya m'galimoto kumapeto kwenikweni n'kumamvera nkhani za madzulo za pa kanema ali pamsewu. Mawu ankamveka otsikirapo poyerekeza ndi masiteshoni enieni a FM, moti ankafunika kukweza voliyumu, koma ankamveka bwinobwino.

Amalonda ochenjera anaona mwayi. Chiphaso cha siteshoni ya FM ku New York kapena Chicago chinali cha madola mamiliyoni ambiri, pamene chiphaso cha kasiteshoni ka kanema ka mphamvu zochepa pa tchanelo 6 chinali chotsika mtengo kwambiri. Ankatenga kasiteshoni koteroko n'kukayendetsa ngati wailesi, n'kumauza anthu kuti atchere pa 87.7. Popeza lamulo linkati siteshoni ya kanema iyenera kuonetsa chinachake, ankangoikapo zithunzi zongoima kapena mafilimu akalekale opanda mawu, zimene pafupifupi palibe amene ankaziyang'ana. Ku New York kunali Pulse 87 m'zaka za 2008 ndi 2009, ndipo ku Chicago MeTV FM inayamba mu 2015 n'kukopa omvera ambiri kuposa masiteshoni ena okhala ndi ziphaso zenizeni. Anthu a m'ntchitoyi anazipatsa dzina lachipongwe lakuti Franken FM, kutanthauza chinthu chosokereredwa kuchokera ku ziwalo zosiyanasiyana. Kunena zoona, ochenjerawa ndi amene anasonyeza poyera zimene akatswiri ankangokambirana m'misonkhano: kuti njala ya malo a FM m'mizinda ikuluikulu ndi yeniyeni.

Chimene chinatsegula nkhani yonseyi ndi kusamuka kwa kanema kuchoka pa analogi kupita pa dijito. Kanema wa dijito amatha kulongedza mapulogalamu angapo m'tchanelo chimodzi, komanso matchanelo oyandikana sasokonezana kwambiri ngati kale. Choncho kanema anayamba kufuna malo ochepa. Malo ena amene anasiya, a kumtunda cha ku 600, 700 ndi 800 MHz, makampani a mafoni anawalimbirana ndi ndalama zoopsa. Koma malo a kumunsiwa, a tchanelo 2 mpaka 6, anakhala ngati munda wa m'dambo umene aliyense akuukana.

Zifukwa zake n'zomveka. Funde la pa 80 MHz ndi lotalika mamita pafupifupi 3.75, ndipo eriyo yoligwira bwino imafunika kukhala pafupifupi mamita awiri. Eriyo yotere siingalowe m'foni, n'chifukwa chake a mafoni alibe nawo ntchito malowa. Funde la pa 600 MHz ndi la masentimita 50 okha. Kanema wa dijito nayenso samasuka kumunsiku, chifukwa n'kumene kumachuluka phokoso la magetsi lochokera ku mawaya, mamota, mababu ndi matchaja. Pa analogi phokosoli linkangooneka ngati timadontho pachithunzi, munthu n'kumaonerabe. Pa dijito chithunzi chimauma kapena kuzimiratu. WPVI yomwe ija itasamukira pa dijito pa tchanelo 6 mu Juni 2009, anthu ambiri okhala ndi tieriyo ta m'nyumba anasowa chithunzi, mpaka siteshoniyo inachita kupempha chilolezo chokweza mphamvu.

Wailesi ya FM ndiye imamva bwino pamafunde amenewa. Amayenda mtunda wautali, amalowa m'nyumba, ndipo kawaya ka wailesi kokoka kaja n'kokwanira. Vuto limodzi lodziwika ndi loti m'nyengo yotentha mlengalenga nthawi zina umabweza mafunde a kumunsiku n'kuwaponya pamtunda wa makilomita 1,000 kapena 2,000, moti siteshoni ya kutali imatulukira pamwamba pa ya pafupi kwa kanthawi. Zimachitika kawirikawiri pa 76 kusiyana ndi pa 100, koma si vuto loti n'kuimitsa ntchito.

Zimene Brazil inachita

Dziko limene linatenga nkhaniyi ndi manja awiri ndi Brazil. Kumeneko kunali masiteshoni a AM pafupifupi 1,800, ndipo ambiri anali akufa pang'onopang'ono. AM imavutika kwambiri ndi phokoso la magetsi la m'mizinda, imafuna milongoti italiitali pamalo aakulu, imadya magetsi ambiri, ndipo mafoni a m'manja amene ali ndi wailesi amagwira FM yokha. Achinyamata ambiri sadziwa n'komwe kuti kabatani ka AM ndi kantchito yanji. Pa 7 Novembala 2013 Pulezidenti Dilma Rousseff anasaina lamulo lolola masiteshoni a AM kusamukira ku FM. M'matauni ang'onoang'ono zinali zosavuta, poti malo pakati pa 88 ndi 108 analipo. M'mizinda ikuluikulu munalibe. Masiteshoni a kumeneko anauzidwa kuti adikire mpaka kanema wa analogi atazimitsidwa, kuti adzalowe m'malo a tchanelo 5 ndi 6.

Kudikirako kunali kwa zaka. Analogi inazimitsidwa ku Brasília kumapeto kwa 2016, ku São Paulo pa 29 Malichi 2017, ndipo mizinda ina inatsatira. Koma masiteshoni oyamba pamalo atsopanowa, kuyambira pa 76.1 mpaka 87.5 MHz, anatsegulidwa mwalamulo mu Meyi 2021. Pakati ponsepo bungwe la Anatel, loyang'anira mafunde ku Brazil, linkakonza ndondomeko ya amene akhale pati.

Ku São Paulo nkhaniyi imaoneka bwino kwambiri. Kwa zaka makumi angapo tchanelo 5 mumzindawu chinali cha TV Globo. Lero anthu akadina 5 pa rimoti amaonabe Globo, koma nambalayo yangotsala dzina chabe, chifukwa chithunzicho chimadutsa pa mafunde a UHF, kutali kumtunda. M'malo enieni amene Globo inasiya ndi mmene mwalowa wailesi: Rádio Capital, imene inkadziwika pa 1040 AM, ili pa 77.5, ndipo Cultura Brasil ya pa 1200 AM ili pa 77.9. Rádio Nacional ya boma inatenga 87.1.

Ndiye apa ndi pamene pagona nkhani. Siteshoni ili pa 77.5, koma wailesi ya kukhitchini, imene yakhala pamwamba pa firiji zaka 15, nambala zake zimayambira pa 87.5. Mwiniwake angapotokole kabatani mpaka kuthyoka, 77.5 saipeza. Wailesi ya m'galimoto yake chimodzimodzi. Boma likhoza kupereka chiphaso tsiku limodzi, injiniya akhoza kukweza eriyo pamlongoti sabata imodzi, koma wailesi mamiliyoni ambiri zimene zili m'nyumba ndi m'magalimoto zimatha zaka zambirimbiri zisanasinthidwe. Munthu sataya wailesi yoti ikugwira ntchito chifukwa choti siteshoni imodzi yasamuka. Amangosintha siteshoni.

Boma la Brazil linaona zimenezi, ndipo linalamula kuti kuyambira 2019 wailesi zopangidwa m'mafakitale a m'dzikomo zizigwira kuyambira pa 76 MHz. Magalimoto atsopano ambiri amatuluka ndi wailesi zotere. Mafoni ena amene ali ndi FM amathanso kufika pa 76 munthu akasintha dera pa pulogalamu yake n'kusankha Japan, chifukwa kachipangizo ka m'kati kadapangidwa kuti kagwire ntchito padziko lonse. Komabe mwini siteshoni amene wasamukira pa 77 amadziwa kuti wotsatsa malonda amufunsa funso limodzi lokha: ndi anthu angati akukumvani? N'chifukwa chake eni masiteshoni ambiri, akakhala ndi mwayi wosankha, amalimbirabe kampata kalikonse pamwamba pa 87.5. Ine ndimaona kuti Brazil inachita bwino kuyamba ndi lamulo la mafakitale masiteshoni asanasamuke, koma zaka ziwiri za mpata zinali zochepa poyerekeza ndi moyo wa wailesi ya pafiriji ija.

Vutoli si lachilendo. Edwin Armstrong, amene anatulukira FM n'kuilembetsa mu 1933, anayamba kuulutsa pamafunde a pakati pa 42 ndi 50 MHz. Mu 1945 bungwe la FCC, loyang'anira zoulutsa mawu ku United States, linasamutsa FM kupita kumene ili lero, ndipo wailesi masauzande mazanamazana zimene anthu anali atagula zinasanduka mabokosi opanda ntchito. FM inatenga zaka zoposa 20 kuti idzukenso ku United States.

Japan, mozondoka

Ku Japan zinthu zinali zozondoka. FM ya kumeneko inali pa 76 mpaka 90 MHz, ndipo kanema, tchanelo 1 mpaka 3, ndi amene ankakhala pa 90 mpaka 108. Aliyense amene anakwerapo galimoto yakale yochokera ku Japan m'dziko lina amazidziwa: wailesi yake imathera pa 90, moti kuti mumve siteshoni ya pa 101 muyenera kulumikiza kabokosi kotsitsa mafunde kuseri kwake, ndipo nambala imene ikuoneka pagalasi siigwirizana ndi imene woulutsa akutchula.

Japan inazimitsa kanema wa analogi pa 24 Julayi 2011, kupatula zigawo za Iwate, Miyagi ndi Fukushima zimene zinapatsidwa nthawi mpaka Malichi 2012 chifukwa cha chivomezi ndi tsunami ya mu Malichi 2011. Tsoka lomwelo ndi limene linasintha maganizo a boma pa nkhani ya wailesi. Magetsi ndi netiweki ya mafoni zitathima, anthu anadalira wailesi za mabatire. Koma milongoti ya AM imamangidwa kawirikawiri pamalo otsika ndi achinyezi, m'mphepete mwa mitsinje ndi nyanja, malo enieni amene madzi amafika. Ndiye boma linalola masiteshoni a AM kuulutsanso mapulogalamu awo omwewo pa FM, pakati pa 90 ndi 95 MHz. Anazitcha Wide FM. Ku Tokyo zinayamba pa 7 Disembala 2015 kuchokera pansanja ya Skytree, yotalika mamita 634: TBS Radio pa 90.5, Bunka Hoso pa 91.6 ndi Nippon Hoso pa 93.0.

Japan inali ndi mwayi umene Brazil inalibe. Wailesi zambiri zakale za kumeneko zinkafika kale mpaka pa 108, chifukwa zinapangidwa kuti anthu azimverapo mawu a kanema a tchanelo 1 mpaka 3, ndipo mafakitale ake ankapanganso wailesi zotumiza kunja zofika pa 108. Komanso masiteshoni sanasiye AM nthawi yomweyo, moti wopanda wailesi yatsopano sanataye kanthu. Pofika mu 2021, masiteshoni 44 mwa 47 a AM omwe si aboma analengeza kuti akufuna kukhala a FM pofika 2028. Pamalo otsalawo, chakumtunda kwa 99 MHz, anayesapo njira yatsopano ya dijito yotchedwa i-dio mu 2016. Inkafuna chipangizo chakechake chomvera, anthu sanagule, ndipo inatsekedwa mu 2020. Malo omwewo, nthawi yomweyo, koma imene inapulumuka ndi imene inkamveka pa wailesi yakale.

Nanga United States, kumene maganizowa akhala akukambidwa kuyambira kale? Mu 2008 gulu la mainjiniya ndi maloya lotchedwa Broadcast Maximization Committee linapempha FCC kuti tchanelo 5 ndi 6 ziperekedwe kwa wailesi, kuti mulowe masiteshoni a AM, a maphunziro ndi ang'onoang'ono a m'madera. FCC sinachite. Masiteshoni ena a kanema anali atasankha kale kukhalabe pamenepo, ndipo kenako zinthu zinapita kwina. Pa malonda a mafunde amene anatha mu 2017, makampani a mafoni ndi ena analipira madola 19.8 biliyoni kugula malo a cha ku 600 MHz, ndipo kanema anathinitsidwa m'matchanelo ochepa. Masiteshoni ena analandira ndalama kuti atsikire kumunsi komwe kuja kumene kale ankakuthawa. WGBH ya ku Boston, mwachitsanzo, inasamukira pa tchanelo 5. Malo amene ankaoneka opanda mwini anapezanso eni. Masiteshoni a 87.7 aja anayenera kutha pamene analogi ya mphamvu zochepa inazimitsidwa pa 13 Julayi 2021, koma ena anapeza njira yoikira mawu a FM m'mphepete mwa kanema wa dijito wamtundu watsopano, ndipo mu Julayi 2023 FCC inalola 14 okha kupitiriza, n'kutseka khomo kwa ena onse.

Mawu akuti "malo opanda kanthu" ayenera kumvedwa mosamala. Tchanelo 6 chikhoza kukhala chopanda kanthu mumzinda uno koma chili ndi mwini mumzinda wa pamtunda wa makilomita 150, ndipo siteshoni yamphamvu ya FM ingamuwonongere chithunzi. Pafupi ndi malire a mayiko ndiye pamafunikanso kukambirana ndi dziko loyandikana nalo. Brazil inakwanitsa chifukwa inaganiza za dziko lonse nthawi imodzi, kuti kanema wa dijito asadzaikidwe pa tchanelo 5 ndi 6. United States inasiyira siteshoni iliyonse kusankha yokha, ndipo mapu ake anatuluka amawangamawanga.

Kumadzulo kwa Ulaya ndi ku Africa njira imeneyi kulibe, chifukwa mapuloti anadulidwa mosiyana. Kanema wa mafunde a kumunsi (VHF) anali pa 47 mpaka 68 MHz ndi pa 174 mpaka 230 MHz, ndipo malo a pansi pa 87.5 ndi a mawailesi olankhulirana monga a apolisi ndi makampani. Malo a kanema amene anamasuka sakhudzana ndi a FM. N'chifukwa chake mayiko a ku Ulaya anaika wailesi ya dijito ya DAB pa 174 mpaka 230, ndipo Norway inafika pozimitsa FM ya masiteshoni a dziko lonse mu 2017. Koma kuchotsa kanema kuti FM ipume kudachitikapo kwina. Australia inali itaika tchanelo 3, 4 ndi 5 m'kati mwenimweni mwa malo a FM, ndipo FM itayamba kukula m'zaka za m'ma 1970 dzikolo linachita kusamutsa masiteshoni a kanema limodzilimodzi. Mayiko a kum'mawa kwa Ulaya, amene FM yawo inali cha pa 66 mpaka 74 MHz, anasamukira pa 87.5 mpaka 108 m'zaka za m'ma 1990, ena atachotsamo kanema amene ankakhala pa 92 mpaka 100.

Pali ena amene amati zonsezi n'kutaya nthawi, poti anthu akumvera pa intaneti. Mfundoyi ili ndi mbali yake, ndipo ikamachedwa ntchito yosintha wailesi za m'nyumba, mfundoyi imakulirakulira. Koma mlongoti umodzi wa FM umafikira anthu miliyoni imodzi kapena mamiliyoni khumi pa mtengo womwewo, womvera salipira data, ndipo tsiku limene netiweki yagwa mabatire awiri amakwana. Opanga magalimoto amagetsi ena, monga Tesla ndi BMW, anachotsa AM m'magalimoto awo ena chifukwa mamota ake amaisokoneza, ndipo zimenezi zikukankhiranso masiteshoni a AM kufuna pothawira.

Funso limene silikambidwa mokwanira ndi la amene ayenera kulandira malo atsopanowa. Ku Brazil ndi ku Japan komwe, oyamba pamzere anali masiteshoni akale a AM, kutanthauza eni omwewo, mawu omwewo, pamafunde omveka bwino. Pali chifukwa chake: ndi amene ali kale ndi omvera oti angawatsatire, ndipo omvera otsatirawo ndi amene amachititsa anthu kugula wailesi zatsopano. Kasiteshoni ka m'dera kapena ka ophunzira, kakaikidwa kokha pa 79 MHz, kamalankhula ndi makoma. Koma ngati malo 60 onse agawidwa kwa akuluakulu tsiku loyamba, pofika nthawi imene wailesi ya pafiriji ija idzasinthidwe ndi yofika pa 76, munthu watsopano akadzapita kukapempha chiphaso adzamvanso yankho lakale lija, lakuti malo adatha.